Batire Ndi Nyengo Yachisanu: Mau Kwa Osunga Katundu Wa Boma

M'miyezi ya June ndi July, pamene mwera uwomba pa nyanja ya Malombe ndipo chiperoni chiphimba mapiri a Chikala, dandaulo limveka ku Ntaja, ku Liwonde ndi ku Ulongwe: galimoto ikana kulira m'mamawa, ndipo nyali za sola pasukulu zizima ophunzira asanathe kuwerenga. Ambiri aimba mlandu chisanu. Komatu chisanu chingoulula nthenda imene inayamba kale.

Batire ya mtovu, imene Gaston Planté wa ku France anaitulukira m'chaka cha 1859, ipereka magetsi pamene asidi agwirana ndi timapale ta mtovu tili m'kati mwake. Opanga ayesa mphamvu yake pa kutentha kwa madigiri 25. Kukazizira, ntchito ya asidiyo ichedwa, kotero kuti batire ipereka mphamvu yochepa, ndiponso ichedwa kudzala poitchaja. Nthawi yomweyo oilo wa m'injini alimba, ndipo injini ifuna mphamvu yoposa kuti itembenuke. M'maiko a chipale batire yopanda moto ikhoza kuuma ndi kusweka. Kuno chisanu sichifika pamenepo, ndipo batire yabwino ipirira popanda vuto.

Chimene chiononga batire ku Balaka ndi ku Machinga ndicho kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'mwezi wa October. Akatswiri awerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 8 kapena 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire ufupika ndi theka. Madzi aphwera, timapale tidyeka. Tsono chisanu chikafika, chipeza batire yofooka kale. Pa sola choopsa china ndicho mitambo: batire ikakhala masiku ambiri yosadzala, mchere wouma umata timapale, ndipo suchokanso.

Chifukwa chake akalaliki, aphunzitsi aakulu ndi oyendetsa galimoto ayenera kuchita izi. Aone madzi mwezi ndi mwezi, nathiremo madzi a batire okha, osati a pachitsime. Apukute dzimbiri pa mitu yake. Masiku a mitambo achepetse nyali, kuti batire idzale. Aisunge pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pa malata otentha.

Batire yogulidwa ndi ndalama za msonkho ikafa chaka chisanathe, otaya ndiwo ana a sukulu ndi odwala oyembekeza ambulansi. Woisamala m'October sadzakankha galimoto m'July.