Sing'anga Akalakwa, Womuweruza Ndani?

M'midzi ya Mfumu Zingalume, Mfumu Mlolo ndi Mfumu Mwangala m'boma la Chadiza, munthu akadwala kawirikawiri amayamba wafika kwa sing'anga asanaganize za ulendo wa ku cipatala. Sing'anga amakhala pafupi, amawadziwa makolo a wodwalayo, ndiponso amalola kulipidwa nkhuku kapena cimanga ndalama zikasowa. Koma wodwala akafera m'manja mwake, kapena banja likatha cuma popanda kucira, anthu amasowa kumene angakatule dandaulo lao.

Madandaulo a anthu ndi odziwika. Asing'anga ena amasunga wodwala cifuwa cacikulu kapena malungo kufikira nthenda itakula. Ena amauza odwala kuti aleke kumwa ma ARV, ena amatema mphini anthu ambiri ndi lezala limodzi, ndipo ena amaloza nkhalamba kuti ndi mfiti. Kuopsa kwa zimenezi kunaoneka ku Chiawa, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'zaka za 1994 ndi 1995, pamene wofunafuna mfiti wochedwa Chaka anamwetsa anthu mankhwala onga mwabvi, nafa anthu 16.

Lamulo loletsa zotere lilipo kuyambira nthawi ya atsamunda. Lamulo la za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1914, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti ndiponso kugwira nchito yofunafuna mfiti. Koma lamulolo silinena kanthu za maphunziro a munthu wopereka mizu ndi makungwa, kapena za muyeso wa mankhwala ake.

Pofuna kutseka mpata umenewu, asing'anga a m'Zambia anapanga kabungwe kao ka Traditional Health Practitioners Association of Zambia m'caka ca 1978. M'caka comweco maiko a dziko lonse anasonkhana ku Alma-Ata nabvomereza kuti asing'anga, ataphunzitsidwa bwino, angathandize pa nchito ya za umoyo m'midzi. Kabungweka kamalemba maina a mamembala ndi kuwapatsa ziphaso. Atsogoleri ake, monga a Rodwell Vongo amene anakatsogolera zaka zambiri, poyankha odzudzula akhala akunena kuti ocita zoipawo ndi asing'anga onyenga, ndipo kwa nthawi yaitali anapempha Boma kuti likhazikitse lamulo loyang'anira nchito yao.

Yankho limeneli lili ndi coonadi cake, pakuti nsomba ikaola imodzi zonse zimanunkha. Komabe silikwanira. Kabungwe kamene munthu amalowa mwa kufuna kwake kangathe kumucotsa pa mndandanda, koma sikangathe kumuletsa kusamukira ku mudzi wina ndi kukayambanso nchito kumeneko. Ku Chadiza, kumene malire a Mozambique ali pafupi ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi pacibale, wolakwa sacedwa kuzimirira. Bvuto lina ndi lakuti kabungwe kamene kamakhalira ndalama za mamembala kamacita mphwayi kuwalanga.

Nkhani yotereyi inacitikanso ku Britain. Kumeneko kuli anthu opereka mankhwala a homeopathy, njira imene inayambitsidwa ndi dotolo wa ku Germany, Samuel Hahnemann, m'caka ca 1796, yosungunula mankhwala m'madzi kambirimbiri kufikira mwina osatsalamo kanthu. Asayansi atawayesa sanapeze umboni wodalirika wakuti amaciritsa, ndipo m'caka ca 2017 zipatala za Boma ku England zinalangizidwa kuti zileke kuwalembera odwala. Kabungwe kao ka Society of Homeopaths kanali kudziyang'anira kokha, koma m'caka ca 2021 bungwe loona za makabungwe a za umoyo linakaimitsa pa mndandanda wa obvomerezeka, litaona kuti sikanaike citetezo ca anthu patsogolo, makamaka pa nkhani ya mamembala otsutsa katemera.

Maiko oyandikana nafe anatenga njira ya lamulo. Zimbabwe inakhazikitsa lamulo la asing'anga m'caka ca 1981, limene linapanga khonsolo yowalemba ndi kuwalanga, ndipo South Africa inakhazikitsa lake m'caka ca 2007. Njira inanso yoyankhira odzudzula ndiyo kulola mankhwala kuti ayesedwe. Muno m'Zambia, m'zaka za 2005 ndi 2006, mankhwala atatu a zitsamba amene eni ake anati amaciritsa AIDS anayesedwa pa odwala, kuphatikizapo a Dr Ludwig Sondashi, ndipo zotsatira zake sizinaonetse kuti amacotsa kacirombo m'thupi.

Kwa anthu a ku Chadiza, citetezo coyamba cili m'manja mwa mafumu ndi anyakwawa, pakuti mlendo sagwira nchito m'mudzi iwo osadziwa. Nyakwawa ali ndi mphamvu yofunsa ciphaso, yofunsa kumene sing'anga wacokera, ndi yokanena ku polisi munthu aliyense woloza anzake ufiti. Banja nalonso liyenera kucenjera ndi sing'anga woletsa wodwala kupita ku cipatala kapena wolamula ng'ombe asanaone nthenda. Mwana wotentha thupi, mai wapakati wotaya magazi, ndi munthu wotsokomola masabata awiri, onsewa malo ao ndi ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo sing'anga wodziwa nchito yake ndiye amayamba kuwatumiza kumeneko.