KODI MAGEMU A PA FONI AKUTHA NZERU ZA ANA?

Dzuwa likangolowa m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Navutika mu Chipata, si cacilendo kuona anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi ataunjikana pa khonde la kantemba, mitu pamodzi, maso onse pa foni imodzi. Mwini foni ndiye asewera, anzake angokuwa ndi kumuuza kumene mdani wabisala. Kuseri kwa mashopu ena ometeramo tsitsi kuli TV ndi makina a PlayStation, kumene mwana alipira makwacha ocepa kuti asewere mpira wa pa galasi. Ku nyumba nsima yazizira, madzi sanatungidwe, ndipo buku la sukulu likali m'cola.

Akulu-akulu akaona zimenezi amapukusa mitu. Mau amene amveka pa mpopi, pa msika ndi pa mzere wa ku kiliniki ndi amodzi-modzi, akuti ana a masiku ano alibe nzeru, mafoni anawaononga mitu. Ena akumbutsa kuti iwo pa msinkhu womwewo anali kudziwa masamu a matebulo pamtima, kupanga galimoto ya mawaya ndi kugonjetsa acikulire pa nsolo.

Nkhaniyi si yongocezera cabe. Kholo limene likhulupirira kuti foni ndiyo yapha nzeru za mwana litenga cikoti kapena kuphwanya foniyo, ndipo likatero liganiza kuti bvuto latha. Koma ngati cimene cigonetsa mwanayo m'kalasi ndi kucepa kwa magazi kapena njala ya m'mawa, iye apitirizabe kulephera, ndipo tsopano ali ndi zipsera pamwamba pake.

MAGEMU OSATHA

Magemu amene ana asewera tsopano asiyana ndi aja a tunjerwa totsika pa kagalasi amene anali m'manja mwa ana a m'tauni ca m'ma 1990. Aja munthu anali kusewera yekha, mabatire akatha nkhani yatha. Awa aseweredwa pa intaneti pamodzi ndi anthu ena amoyo, ena ali ku Lusaka, ena ku Brazil kapena ku India. Ochuka ndi monga Free Fire amene anatuluka mu 2017, PUBG Mobile wa mu 2018 ndi Call of Duty Mobile wa mu 2019. Free Fire anapangidwa kuti azigwira nchito ngakhale pa foni yochipa, ndiye cifukwa cake anafika msanga m'manja mwa ana a osauka.

Pali cinthu cimodzi cimene makolo ambiri sacidziwa. Gemu yotere siimitsidwa pakati, pakuti anzake osewera nawo sadikira. Mu Free Fire anthu 50 aponyedwa pa cilumba cimodzi ndipo nkhondo yao itenga mphindi pafupi-fupi khumi. Amai akaitana ndipo mwana ayankha kuti abwera tsopano-tsopano koma osaimirira, nthawi zambiri si mwano. Akacoka, anzake a m'gulu lake aluza cifukwa ca iye. Coipa cake ndi cakuti nkhondo imodzi ikatha, ina iyamba pomwepo, ndipo opanga magemuwa aikamo mphatso za tsiku ndi tsiku kuti mwana asalumphe ngakhale tsiku limodzi.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Funso lakuti kodi ana akucepa nzeru linayesedwa kale ndi manambala. Mu 1987 katswiri wina wa ku New Zealand, a James Flynn, anasonkhanitsa zotsatira za mayeso a nzeru ochedwa IQ zocokera ku maiko 14. Anapeza zosiyana ndi zimene acikulire amanena. M'badwo uliwonse unali kukhoza mayesowo kuposa makolo ake, ndipo kukwerako kunali pafupi-fupi mapointi atatu pa zaka khumi zilizonse. Izi sizitanthauza kuti ambuya anali opusa. Mayeso amenewa apima kaganizidwe ka ku sukulu, sapima luso loweruza mlandu pa bwalo kapena lodziwa tsiku loyamba kubzala. Koma aonetsa kuti nzeru zimene mwana aonetsa zidalira kwambiri zimene wadya, matenda amene wadwala ndi zaka zimene wakhala m'sukulu.

Zomwezi zinaoneka ku Kenya. Ana a m'midzi ya ku Embu anayesedwa mu 1984, ndipo ana ena a msinkhu womwewo a m'midzi yomweyo anayesedwa mu 1998. Aciwiriwa anakhoza kwambiri kuposa oyamba aja. Ofufuza anati cinathandiza ndi cakudya cabwinoko, mabanja ocepako ana ndiponso makolo odziwa kuwerenga.

Komabe odandaula aja ali nayo mfundo yao. Ku Norway anyamata onse anali kuyesedwa nzeru akamalembedwa usilikali. Mu 2018 ofufuza awiri, a Bernt Bratsberg ndi a Ole Rogeberg, anaunika zotsatira za anyamata oposa 730,000 obadwa kuyambira 1962 kufikira 1991. Zotsatira zinali kukwera kufikira kwa obadwa mu 1975, ndipo kucokera pamenepo zinayamba kutsika pang'ono-pang'ono. Kutsikako kunaoneka ngakhale pakati pa mkulu ndi mng'ono wake a bere limodzi, kusonyeza kuti cifukwa cake si magazi a mtundu koma zimene zazungulira mwana pamene akula. Koma apa pofunika kuwerenga zaka bwino. Oyamba kutsika anayesedwa ca pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene foni ya iPhone inatuluka mu 2007. Cimene cinayambitsa kutsikako sicingakhale magemu a pa foni, pakuti kunalibe.

Za magemu eni-eniwo, ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden anatulutsa zotsatira zao mu 2022. Anaunika ana a ku America oposa 9,000 a zaka 9 ndi 10, ndipo oposa 5,000 a iwo anayesedwanso patapita zaka ziwiri. Ana amene anali kusewera magemu kuposa anzao anakwera ndi mapointi 2.5 a IQ pamwamba pa kukwera kwa ena onse. Acinyamata asathamangire kuonetsa makolo ao nkhaniyi. Ana a m'kafukufukuyo anali kusewera pafupi-fupi ola limodzi pa tsiku, osati usiku wonse.

ADANI AKALE A UBONGO

Kunena zoona, ana ambiri a m'Zambia sacita bwino m'kalasi. Mu 2017 ana a zaka 15 a m'sukulu za dziko lino analemba mayeso a maiko ochedwa PISA for Development. Mwa ana 100 alionse, asanu okha ndiwo anafika pa mlingo woyenera pa kuwerenga, ndipo awiri okha pa masamu. Koma pa nthawi imeneyo, malinga ndi kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2018, anthu amene anagwiritsapo nchito intaneti sanali kukwana 15 pa 100 alionse. Ana olepherawo ambiri a iwo anali asanagwirepo gemu ya pa intaneti. Bvuto linafika foni isanafike.

Anchito a zaumoyo alidziwa bvutoli ndi maina ake. Loyamba ndi kupinimbira. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali ofupika kuposa msinkhu wao cifukwa ca kusowa zakudya zoyenera. Mu 2013 ndi 2014 anali 40 pa 100, kotero zinthu zinasinthako, koma ciwerengeroco cinali cikali cacikulu. Ubongo ukula mofulumira kwambiri m'masiku 1,000 oyamba, kucokera pamene mai watenga pakati kufikira mwana akwanitsa zaka ziwiri. Phala la ufa woyera wokha-wokha likhutitsa mimba koma silimanga ubongo. Lifunika nshawa zosinja, kapenta wopera, dzira, nyemba kapena ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi bondwe, ndiponso mcere wokhala ndi ayodini.

Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 58 pa 100 a miyezi 6 kufikira miyezi 59 anali ocepa magazi. Mwana wotere atopa msanga, awodzera m'kalasi ndipo zimene aphunzitsi anena zingomudutsa. Njoka za m'mimba ndi malungo obwera-bwera ndizo zimadya magaziwo. Malungo akafika ku ubongo, ena mwa ana amene apulumuka atsala ndi bvuto la kukumbukira ndi la kumvetsera kwa zaka zambiri.

Ndiye pali mtovu, umene ambiri aucha lead. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma unasiya fumbi la mtovu m'dothi la makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo madotolo akhala akupeza poizoni ameneyu m'magazi a ana a kumeneko. Bungwe la WHO linena kuti palibe mlingo wa mtovu umene uli wabwino m'thupi la mwana, ngakhale wocepa ucepetsa nzeru. Kutali ndi Kabwe nakonso ngozi ilipo pamene mabatire akale a galimoto aphwanyidwa pa bwalo limene ana aseweramo. Makolo amene anakulira m'tauni angakumbukirenso kuti petulo wa nthawi ya ubwana wao anali ndi mtovu, ndipo anacotsedwa m'maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara pofika mu 2006. Utsi umene iwo anapuma popita ku sukulu ana ao sanaupume.

CIMENE MAGEMU AMABA

Zonsezi sizitanthauza kuti foni ilibe mlandu. Cimene iba kwambiri ndi tulo. Madotolo a ana alangiza kuti mwana wa zaka 6 kufikira 12 azigona maola 9 kufikira 12, ndipo wa zaka 13 kufikira 18 azigona maola 8 kufikira 10. Ubongo usunga zimene waphunzira masana pamene munthu ali m'tulo. Mnyamata wa Giredi 9 amene afunda bulangeti ndi foni kufikira tambala woyamba, cifukwa ma bundle a usiku kawiri-kawiri ndiwo ochipa, afika m'kalasi ngati woledzera. Nzeru ali nazo, koma tsiku limenelo sizigwira nchito. Zikakhala conco temu yonse, lipoti lake silisiyana ndi la mwana wopanda nzeru.

Kwa ana owerengeka, kusewera kusanduka matenda. Mu 2019 bungwe la WHO linabvomereza kuti cizolowezi coipa ca magemu cilembedwe m'buku lake la matenda, ndipo zinayamba kugwira nchito mu 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu: munthu alephera kudziletsa, aika magemu patsogolo pa cakudya, sukulu ndi abale, ndipo apitirizabe ngakhale aona kuti zinthu zikumuonongekera. Kuti adotolo anene kuti ndi matenda, nthawi zambiri zifunika kukhala zitacitika kwa miyezi 12. Bungweli linenanso kuti odwala motere ndi ocepa mwa onse osewera. Kawiri-kawiri mwana wotere ali ndi cimene athawa, kaya ndi ndeu za makolo, kaya kumenyedwa ndi anzake ku sukulu, kaya cisoni cimene sanauze munthu.

Coopsa cina cibwera citabvala nkhope ya gemu. Aviator, kumene kandeke kakwera pa galasi ndipo ndalama zioneka ngati zikuculuka kufikira kandekeko kathawa, si masewera ayi koma njuga. Lamulo sililola mwana wosakwana zaka 18 kubecha, koma mwana amene adziwa nambala yacinsinsi ya ndalama za mu foni ya amai ake safunsidwa zaka. Ndalama ya lendi kapena ya malasha ingathe m'mphindi zocepa. Nambala imeneyi siyenera kupatsidwa kwa mwana, ngakhale pomutuma kukatapa ndalama.

Maiko ena anayesa kuletsa ndi lamulo. South Korea mu 2011 inaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku kufikira 6 koloko m'mawa, koma inacotsa lamulolo mu 2021, ana atapeza njira zolowera ndi maina a makolo ndiponso atasamukira pa mafoni. M'caka comweco China inalamula kuti ana azisewera maola atatu okha pa sabata, ola limodzi Lacisanu, Loweruka ndi Sondo madzulo.

M'nyumba ya m'komboni lamulo lophweka ligwira nchito kuposa cikoti: foni igone ku cipinda ca makolo, ndipo gemu iyambe nchito za pa nyumba ndi za ku sukulu zitatha. Kumuuza mwana kuti nkhondo imene ali nayoyo ndiyo yomaliza kucepetsa mkangano kuposa kum'landa foni pakati. Kwa tiana, WHO ilangiza kuti wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe foni yomutonthozera, ndipo wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Mwana akayamba kutsika m'kalasi, makolo ayambe ndi mafunso apafupi. Kodi anadya asanapite ku sukulu? Anagona nthawi yanji? Aona bwino zolembedwa pa bolodi, ndipo amva bwino aphunzitsi akalankhula? Ayang'anenso zikhatho zake ndi m'kati mwa zikope. Zikaoneka zoyera, apite naye ku kiliniki kuti akapimidwe magazi ndi malungo ndi kulandira mankhwala a njoka za m'mimba. Ngati khadi lake la ku sikelo likali m'sutikesi, alitenge, pakuti anasi aonapo mmene mwanayo anakulira m'zaka zake zoyamba.