Kompyuta imodzi, magemu awiri: zithunzi zikayamba kuphethira musathamangire kugula zida

Nyengo yokumba kachewere ikafika ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ndalama zimayenda. Matumba amatsika m'mapiri kupita ku Tsangano Turn-off pa msewu wa M1, magalimoto n'kuwanyamula ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wachinyamata amene wapezako kangachepe amayamba kuganizira geni yoti imusunge mpaka nyengo ina. Wina amagula njinga yamoto ya kabaza, wina amatsegula potchajira mafoni, ndipo wina amaganiza za kachipinda ka magemu: mabenchi awiri, masikirini, ndi anyamata olipira pa gemu iliyonse ya mpira.

Chovuta ndi mpamba. Makina awiri kapena atatu ndi ndalama zambiri, ndiye nzeru imabwera yakuti kompyuta imodzi yomweyo iziyendetsa magemu awiri nthawi imodzi. Zimatheka ndithu. Pulogalamu ya Nucleus Co-op imatsegula gemu imodzi kangapo n'kugawa sikirini. Ya ASTER imasandutsa kompyuta imodzi kukhala ya anthu awiri, aliyense ndi sikirini, kiyibodi ndi mausi yake. BlueStacks ndi LDPlayer, zomwe zimayendetsa magemu a pafoni monga Free Fire pa kompyuta, nazonso zimalola kutsegula kangapo.

Koma ukangotsegula gemu yachiwiri, mavuto amayamba. Bwalo la mpira limada bii, osewera amasowa nkhope, chithunzi chimaphethira kapena kuima kwa kanthawi pomwe munthu akuti aponye chigoli. Kasitomala amaitanitsa ndalama yake, ndipo mwini malo amaganiza kuti graphics card yapsa. Nthawi zambiri imakhala isanapse. Musanagulitse thumba lina la kachewere kuti mugule ina, fufuzani kaye mwadongosolo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani ndi mafunso awiri

Funso loyamba: kodi gemu ikakhala yokha imachitanso zomwezi? Tsekani zonse, zimitsani kompyuta n'kuyatsanso, kenako tsegulani gemu imodzi yokha muisewere kwa mphindi 30. Ikayenda bwinobwino, ndiye kuti zida zanu n'zamoyo, vuto lili pa kagawidwe ka mphamvu magemuwo akakhala awiri. Ikasokonezeka ili yokha, mlandu uli pa driver, kutentha, chingwe kapena magetsi.

Funso lachiwiri: kodi vuto lili mkati mwa kompyuta kapena pa njira yopita ku sikirini? Chithunzi chikasokonezeka, dinani Windows ndi Print Screen pamodzi, kenako tumizani chithunzi chajambulidwacho pa foni yanu. Ngati mizere kapena timadontho tikuonekanso pa foni, vutolo lapangikira mkati mwa kompyuta. Ngati pa foni chili choyera, yambani mwakayikira chingwe kapena sikiriniyo. Sinthani chingwe, yesani sikirini ina. Zingwe za VGA zakale zimakonda kubweretsa mizere yoyenda ngati mafunde, makamaka zikapiringizana ndi mawaya a magetsi. Ngati zida zanu zili ndi polowetsa HDMI, gwiritsani ntchito pomwepo.

Pali vuto limodzi lomwe silioneka pa chithunzi chojambulidwa koma si la chingwe: chithunzi kuoneka ngati chang'ambika pakati kamera ikamatembenuka. Limeneli limatha mukayatsa V-Sync m'makonzedwe a gemu.

Mphika ndi umodzi, odya achuluka

Graphics card ili ndi nkhokwe yakeyake yotchedwa VRAM, momwe imasungamo udzu wa pabwalo, majezi, nkhope za osewera ndi zonse zomwe mukuona. Mukatsegula gemu kawiri, iliyonse imasunga katundu wake payokha, ngakhale akhale wofanana. Nkhokwe ikadzadza, katundu wina amasefukira ku RAM ya kompyuta, komwe kumutenga kumachedwa. Apa m'pamene makoma amaoneka akuda, zinthu zimatulukira mochedwa, gemu n'kumajejema.

Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe amapezeka m'mashopu, monga Dell OptiPlex ndi Lenovo ThinkCentre, anapangidwira mu ofesi. Ambiri alibe graphics card yapadera, amadalira Intel HD Graphics yomwe imabwereka RAM yomweyo. Windows imailola kubwereka mpaka theka. Ndiye pa kompyuta ya 8GB, Windows itengepo yake, magemu awiri atengepo yawo, zithunzi nazo zitengepo, mphika umauma msanga.

Kuti muone ndi maso anu, dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, kenako pa GPU. Yang'anani mzere wa Dedicated GPU memory ndi wa Shared GPU memory magemu onse ali mkati moyenda. Onaninso gawo la Memory. Chilichonse chomwe chafika kumapeto, mlandu uli pamenepo.

Mankhwala ake ndi aulere. Choyamba, chepetsani resolution. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho 2,073,600, pomwe cha 720p chili ndi 921,600, osafika n'theka lomwe. Pa sikirini yaing'ono kasitomala sangaone kusiyana kwenikweni, koma kujejema amakuona msanga. Chachiwiri, tsitsani Texture Quality ndi Shadows kufika pa Low. Chachitatu, ikani malire a FPS, kutanthauza chiwerengero cha zithunzi zomwe gemu imajambula pa sekondi. Magemu awiri pa 30 FPS amajambula zithunzi zofanana ndi gemu imodzi pa 60. Mukapanda kuika malire, gemu imodzi imadya mphamvu zonse, inayo n'kumangotola nyenyeswa. Pomaliza tsekani Chrome ndi mapulogalamu ena onse osafunika.

Ngati muli ndi kandalama pang'ono, yambani ndi RAM. Pa kompyuta yodalira Intel HD, timitengo tiwiri ta RAM tofanana timayendetsa zithunzi mwachangu kuposa kamtengo kamodzi kakakulu, chifukwa katundu amadutsa misewu iwiri nthawi imodzi.

Magemu akamalimbirana sikirini

Ngati gemu imodzi imada kapena kudzibisa mukangodina inayo, chifukwa chake nthawi zambiri ndi Fullscreen. Gemu ikakhala pa Fullscreen imafuna sikirini ikhale yake yokha, ndipo mnzake akabwera imasiya zonse. Ikani magemu onse pa Windowed kapena Borderless.

Magemu ena amaima dala kapena kuchepetsa liwiro akazindikira kuti si iwo ali patsogolo. Fufuzani m'makonzedwe a gemu ngati muli mawu okhudza background. Amene muli ndi card ya NVIDIA, onaninso mu NVIDIA Control Panel ngati Background Application Max Frame Rate ili yoyatsa, chifukwa ntchito yake n'kuchedwetsa dala pulogalamu yomwe ili kumbuyo.

Pa BlueStacks, LDPlayer ndi anzawo pali zinthu zitatu zofunika kuona. Musapatse gemu iliyonse RAM ndi ma core ochuluka moti mukaphatikiza apose zomwe kompyuta ili nazo. Windows nayo isiyireni yake. Onetsetsani kuti Virtualization ndi yoyatsa, zomwe zimaoneka mu Task Manager pa gawo la CPU. Ngati ndi yozima, imayatsidwa mu BIOS. Kenako yesani kusintha njira yojambulira zithunzi. Mapulogalamu a mtundu umenewu amakupatsani mwayi wosankha pakati pa njira monga OpenGL, DirectX ndi Vulkan, ndipo gemu yomwe ikuonetsa zakuda pa njira imodzi imatha kuyera pa ina.

Chinanso, magemu awiri ofanana amatha kumalemba m'fayilo imodzi ya makonzedwe, wina kufufuta za mnzake. Ngati zomwe mwasintha zikungobwerera mwakale, perekani foda kapena akaunti ya Windows yosiyana kwa aliyense. Mutha kutsukanso DirectX Shader Cache kudzera mu Disk Cleanup. Kompyuta imapanganso yatsopano yokha.

Lamulo lake n'limodzi basi: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani m'kope. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza.

Driver ikagona

Driver ndi pulogalamu yomwe imamasulira pakati pa Windows ndi graphics card. Card ikakhala masekondi awiri osayankha, Windows imaidzutsa mokakamiza: sikirini imada pang'ono, kenako n'kubwerera, nthawi zina ndi uthenga wakuti display driver inasiya kuyankha. Magemu awiri akamapanikiza card yaing'ono, zimenezi zimachitika pafupipafupi. Sikirini ikauma, musathamangire kuzula pulagi. Dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, driver iyambirenso.

Ngati vuto linayamba driver itangosinthidwa, pitani mu Device Manager mubwezeretse yakale ndi Roll Back Driver. Ngati ndi yakalekale, tengani yatsopano kuchokera kwa eni ake enieni, Intel, AMD kapena NVIDIA, osati m'mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse nthawi imodzi. Pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller imachotseratu zotsalira za driver yakale musanaike ina. Dziwani kuti driver ya NVIDIA ya masiku ano imaposa 500MB, choncho konzekerani bandulo, muitengere pomwe netiweki ikugwira bwino, n'kuisunga pa flashi kuti musadzagulenso bandulo ina.

Samalaninso ndi magemu okopera kwa anzanu. Ena amabwera ndi mapulogalamu obisika omwe amagwiritsa ntchito card yanu popanda inu kudziwa. Tsekani magemu onse muyang'ane GPU mu Task Manager. Ngati ikugwirabe ntchito mwamphamvu pomwe palibe chotsegula, m'nyumbamo muli mlendo wosaitanidwa.

Ku Tsangano kumazizira, koma kompyuta imatenthabe

Aliyense amadziwa chisanu cha June ndi July m'mapiri a ku Ntcheu. Koma kuzizira kwa panja sikuthandiza kompyuta yomwe mafani ake atsekeka ndi fumbi, ndipo fumbi la m'chilimwe sililephera kulowa m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu. Chizindikiro cha kutentha n'chosavuta: zonse zimayamba bwino, koma pakatha mphindi 20 kapena 30 gemu imayamba kujejema, fani ikulira ngati chigayo.

Pulogalamu ya GPU-Z kapena HWiNFO imaonetsa kutentha kwa card. Ikamafika madigiri 85 kupita m'tsogolo, chitanipo kanthu. Zimitsani, zulani pulagi, tsegulani bokosi, pemererani fumbi ndi blower mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Ikani kompyuta pa tebulo, osati pansi, ndipo musaifunditse nsalu ikamagwira ntchito. Ngati ndi yakale kwambiri, mmisiri asinthe thermal paste, phala lija limapakidwa pakati pa chip ndi chitsulo choziziritsa.

Magetsi nawo ali ndi mbali yake

Magemu awiri amachititsa card kukoka magetsi ochuluka kuposa masiku onse. Ngati kompyuta imangozima yokha n'kuyakanso pomwe mpira wafika pokoma, kayikirani power supply ya mkati mwake kapena gwero la magetsi. Amene mumadalira sola, onani zomwe zalembedwa pa inverter yanu. Ya pure sine wave imapereka magetsi osalala ngati a ESCOM, pomwe ya modified sine wave, yotsika mtengo ija, sigwirizana ndi ma power supply ena ndipo imatha kuyambitsa mizere pa sikirini. Werengeraninso mawati a kompyuta ndi masikirini onse, muone ngati inverter ndi batire zingakwanitse.

Tinaona mu January 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, momwe kuzimazima kwa magetsi kumagwetsera mabizinesi ang'onoang'ono. Kwa kompyuta, kuzima mwadzidzidzi kumatha kuononga mafayilo a gemu, ndipo fayilo yoonongeka imabweretsa zithunzi zosokonekera zomwe sizitha mpaka mutaikanso gemuyo. Ka UPS kakang'ono kamakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwinobwino.

Nanga card ikakhala yafadi?

Chizindikiro chake ndi ichi: timabokosi tamitundumitundu kapena mizere ikuoneka kompyuta ikangoyaka, Windows isanatseguke, ndipo mwasintha kale chingwe ndi sikirini koma palibe kusintha. Apo ndiye mukhoza kukamba zogula.

Pogula ya kaunjika, musalipire musanaione ikuyendetsa gemu kwa theka la ola pamaso panu. Yezaninso bokosi lanu, chifukwa makompyuta a mu ofesi opyapyala amafuna card ya low profile ndipo power supply yawo ndi yaing'ono. GT 1030 ili ndi 2GB ndipo imakoka mawati pafupifupi 30, koma ilipo mitundu iwiri: ya GDDR5 ndi ya DDR4, yomwe ndi yochedwa kwambiri ngakhale dzina n'lomwelo. GTX 1050 Ti ili ndi 4GB ndipo imakoka mawati 75. Pa magemu awiri, kukula kwa VRAM n'kumene muyenera kuyang'ana kwambiri. Safunsa anadya phula, choncho funsani wogulitsa, muwerengenso nokha pa GPU-Z.

Chenjezo lina ndi la magemu a pa intaneti. Ambiri ali ndi malamulo okhudza kutsegula gemu kangapo pa makina amodzi, ndipo kuwaphwanya kukhoza kutseketsa akaunti ya kasitomala wanu. Werengani malamulo a gemuyo musanayese.

Pamapeto pake, kompyuta iliyonse ili ndi polekezera. Ngati mwatsitsa zonse, mwapukuta fumbi, driver ili bwino, koma gemu yachitatu ikusokonezabe ziwiri zija, ichotseni. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anthu awiri osewera mosangalala amabweranso mawa ndi anzawo, pomwe atatu okwiya amakasewera kwina, n'kukauza mudzi wonse kuti makina anu ndi akufa.