Zinthu 6 zodabwitsa za ndalama ndi zipatala ku Petauke ndi ku Nyimba

Pamsika wa Petauke, wogulitsa mtedza akakweza mtengo mumangopita kwa mnzake. Kuchipatala sizitheka kutero. Zimene wodwala amawononga zimadalira lamulo, kutalika kwa ulendo ndiponso ngati mankhwala alipo.

1. Kulipira kunabwera ndi boma, kunachokanso ndi boma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, boma la Frederick Chiluba linayamba kulipiritsa odwala m'zipatala zake. Mu Epulo 2006, boma la Levy Mwanawasa linathetsa malipirowo m'maboma akumidzi 54, ndipo mu 2012 chithandizo choyambirira chinakhala chaulere m'dziko lonse la Zambia.

2. Chipatala cha mishoni sichilimbirana odwala ndi cha boma. Chipatala cha Minga n'cha Akatolika. Cha Nyanje, chimene tsopano chili m'boma la Sinda, n'cha Reformed Church in Zambia. Komabe anamwino ndi madokotala ambiri m'zipatala zoterezi amalipidwa ndi boma, kudzera m'mgwirizano wake ndi CHAZ, bungwe la zipatala za mipingo lomwe linayamba mu 1970. Nyumba n'za mpingo, malipiro n'ngochokera ku msonkho.

3. Ulendo ndiwo umadya ndalama. Wodwala akatumizidwa ku chipatala chachikulu, kuchoka ku Nyimba kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 300, kuwoloka mlatho wa Luangwa. Kwina ndi ku chipatala cha St Francis ku Katete kapena ku Chipata. Dokotala angakuoneni ulere, koma ndalama ya basi, chakudya cha wodwazika ndi munda wosalimidwa n'zapakhomo panu. N'chifukwa chake chipatala chachikulu cha Kalindawalo ku Petauke n'chofunika kwambiri: wodwala akathandizidwa pomwepo, banja siligulitsa mbuzi.

4. Inshuwaransi ya dziko imapeza msanga wolembedwa ntchito kusiyana ndi mlimi. Lamulo la 2018 linakhazikitsa NHIMA, bungwe loyendetsa inshuwaransi ya zaumoyo imeneyi. Wapantchito amadulidwa kwacha imodzi pa 100 iliyonse ya malipiro ake, bwana wake n'kuwonjezera ina imodzi. Mlimi wa chimanga, amene amagwira ndalama akakolola basi, ayenera kukalembetsa yekha ndi kumalipira yekha. Khadi ya NHIMA imagwiranso ntchito m'zipatala zina zomwe si za boma, koma zambiri zili m'mizinda.

5. Lamulo limalola sitolo ya mankhwala yopanda katswiri wa famase. Lamulo la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA, linavomereza masitolo ang'onoang'ono a zaumoyo kumadera osowa akatswiri. Amagulitsa mankhwala okhawo amene ali pamndandanda wovomerezeka. Ogula amapepukidwa ulendo, bola oyendera masitolowo azifikadi kumidzi.

6. Mankhwala aulere amatha kugulidwa ndi mwini wake. Zipatala za boma zimadalira bungwe la boma la ZAMMSA kuti lizibweretsere mankhwala. Mu Meyi 2025, dziko la America linalengeza kuti lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka, ponena kuti mankhwala operekedwa ulere ankabedwa n'kumagulitsidwa m'mafamase. Mankhwala akatha pawindo, mayi amapatsidwa kapepala kuti akagule, mwinanso n'kugula omwewo amene anali ake kale.

Kumene wodwala alibe kwina kothawira, chomuteteza ndi kufunsa. Mafumu, makhansala ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi azifunsa poyera kuti mankhwala anafika angati, anapita kuti, ndipo anasainira ndani.