Lole ikamachita kwiii, musathamangire sipanala

Amene mumabwera kusukulu kudzera njira ya kumsika munaimvapo lole ya malume anga teremu yathayi. Injini iliyonse imalira, koma kwa iyi kunali kukuwa: akangoiliza m'mawa inkachita kwiii ngati nkhumba yomwe aimanga panjinga. Ena a mu Fomu 2 munafika pondiseka kuti lole ya kwathu ikulira njala. Ine sizinkandisangalatsa, chifukwa loleyi ndi yomwe imatidyetsa pakhomo, ngakhale yunifolomu yangayi inachokera momwemo. Ndiye Loweruka lina ndinapempha kuti ndizigwira tochi pomwe ankafufuza vutolo, ndipo zomwe ndinaona ndi izi.

Lole yathu ndi ya dizilo, ya matani atatu, ndipo injini yake ili pansi pa mipando. Kuti muione bwino mumapendeketsa mutu wonse wa galimoto cha kutsogolo. Kumaso kwa injiniyo kuli lamba wakuda wa labala amene amati fanibeluti. Ngati munalowapo m'chigayo cha dizilo mwamvetsa kale: injini imazungulitsa kawilo kamodzi, lamba n'kutenga mphamvuyo kupititsa ku timawilo tina. Mu lole yathu lamba ameneyu amayendetsa alternator yomwe imatchaja mabatire, pampu yomwe imayendetsa madzi oziziritsa injini, komanso fani yokokera mphepo pa ladiyeta.

Lamba amagwira timawiloto chifukwa cha friction ija timaphunzira mu Physics. Akalephera kugwira amaterereka, ndipo labala yotererera pachitsulo ndiyo imakuwa. N'chimodzimodzi mabuleki a njinga akamalira pa limu.

Ine ndinkaganiza kuti malume ayamba ndi sipanala. Ayi. Anayamba ndi kufunsa mnyamata amene amayenda ndi loleyo kuti phokosolo limabwera nthawi yanji. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, chifukwa nthawi yomwe galimoto ikukuwa ndi imene imaulula chomwe chikukuwacho.

Ikamakuwa mukangoiliza kumene, kenaka n'kusiya pakapita kanthawi, ganizirani za lamba wokhwepa. Poliza injini mabatire amatha mphamvu yambiri, ndiye alternator imalimbana ndi kubwezera mphamvuyo ndipo imalemera kuizungulitsa. Lamba wokhwepa amaigonja n'kuyamba kuterereka. Zomwezi zimachitika mukayatsa nyali zonse usiku, kapena mukangowoloka pamadzi nyengo ya mvula lamba atanyowa. Pa magalimoto omwe chiwongolero chake chimapepuka ndi pampu yoyendera lamba, phokosoli limamvekanso mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto.

Koma si kukuwa konse kumene kumachokera kwa lamba. Ikamakuwa pokhapokha dalaivala waponda buleki, injini ilibe mlandu, pitani kumatayala. Ikamakuwa pokhapokha waponda kilatchi, vuto lili pakati pa injini ndi giyabokosi. Ndipo ngati lole ili ndi turbo, n'kumamveka likhweru lokwera pamene ikukoka katundu pachitunda, kawirikawiri paipi ya mpweya yang'ambika kapena yamasuka. Munthu amene sanafunse mafunso amenewa akhoza kugula lamba watsopano vuto lili kwina.

Yathu inkakuwa m'mawa ndi poyatsa nyali. Malume anazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba mwawo. Ndinafunsa chifukwa chake, iwo anati: "Kuti wina asakalize zala zako zili mkatimo." Kenaka anadina lamba ndi chala chachikulu pakatikati, pomwe pali mpata wautali pakati pa timawilo tiwiri. Lamba wamtundu umenewu akakhala bwino amalowa pang'ono chabe, pafupifupi sentimita imodzi. Wathu analowa ngati chingwe choyanikapo zovala. Nditawalitsa tochi ndinaona kuti m'mbali mwake munali mosalala, monyezimira ngati nsapato yopolisha. Kunyezimira koteroko si ukhondo ayi, ndi chizindikiro chakuti lamba wakhala akuterereka mpaka kupsa. Anayang'ananso ming'alu kunsi kwake, komanso ngati oilo akudonthera pa iye, poti oilo amaterereketsa lamba ndi kuwononga labala.

Mnyamata uja anati: "Bwana, tingopaka sopo, phokoso litha pompano." Malume anamuyang'ana n'kunena kuti: "Mwana akamalira ndi malungo umamutseka pakamwa?" Sopo amaletsadi phokoso kwa kanthawi, koma lamba amapitiriza kuterereka mwakachetechete. Oilo ndiye woipiratu. Iwo anamasula mabawuti a alternator, kuikankhira kunja pang'ono kuti lamba akungike, n'kumanganso. Ataliza injini, zii. Anati lambayo ndi wotha ndithu, agula wina soya akagulitsidwa.

Ndinkayesa nkhani yathera pomwepo. Patapita masabata atatu phokoso linabweranso, koma lamtundu wina. Silinkasiya injini ikatentha, ndipo pansi pa kukuwako pankamveka kukhokhoza ngati mwala wagwera m'chigayo. Mnyamata uja anaulula kuti tsiku lina ali kumsika lamba anakuwako pang'ono, ndiye iye anatenga chitsulo chochotsera matayala n'kukankha alternator ndi mphamvu zake zonse mpaka lamba kuuma ngati ndodo.

Ulendo uno malume anayesa ndi madzi. Injini ikulira, anaima chapatali n'kuthira timadzi pang'ono pa lamba kuchokera m'botolo loboola pachitsekero. Vuto likakhala la lamba, phokoso limasintha nthawi yomweyo: limakula ngati lamba ndi wokhwepa, kapena limasiya kwa kamphindi n'kubweranso ngati timawilo sitinayang'anizane bwino. Lathu silinasinthe n'pang'ono pomwe. Apa anati tisiye kumunamizira lamba, wolakwa ndi bearing.

Kawilo kalikonse koyendetsedwa ndi lambayu kamazungulira pa bearing, timipira tachitsulo tokhala mu girisi ngati tija ta mu habu ya njinga. Girisi akatha kapena timipirato tikadyeka, chitsulo chimakhula chinzake. Funso linali lakuti ndi bearing iti. Malume anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kugunditsa pathupi la alternator, chigwiriro n'kuika kukhutu. Chitsulo chimanyamula phokoso bwino kuposa mpweya, ndiye umamva za mkati ngati adokotala akumvera pachifuwa. Pa alternator panali bwinobwino. Izi musayesere nokha, chonde: fani ikamazungulira sioneka bwino, ndipo malaya olendewera kapena tayi wa sukulu akhoza kukokedwa. Ine anandiimika kutali, ntchito yanga inali tochi basi.

Pampu ya madzi inali pafupi kwambiri ndi fani, ndiye sanafune kuikapo sikuludiraiva. Anazimitsa injini, kudikira kuti izizire, n'kuchotsa lamba yense. Kenaka anandiuza kuti ndizungulitse timawilo ndi dzanja, kamodzikamodzi. Ka alternator kanayenda myaa, popanda phokoso. Ka pampu ya madzi kankakhakhala ngati muli mchenga, ndipo nditakagwedeza kanachita gwedegwede. Kunsi kwa pampuyo kuli kabowo kakang'ono komwe anakaika dala kuti madzi azitulukirapo mkati mukawonongeka, ndipo pamenepo panali mzere wa dzimbiri wosonyeza kuti madzi akhala akudontha. Malume anati pampuyo inali yakale kale, koma lamba wokungika mopyola muyeso ndiye anaitsiriza, chifukwa amakokera kawilo mbali imodzi nthawi yonse mpaka bearing kutha. Mnyamata uja anangoti chete, maso pansi. Kunena chilungamo ndinamumvera chisoni, chifukwa nanenso ndikanachita zomwezo poganiza kuti kumanga kwambiri ndiye kumanga bwino.

Mwina wina akuti phokoso lokha lili ndi vuto lanji, bola galimoto ikuyenda. Bearing ya pampu ikagwira, lamba amaduka kapena kuvuka. Pa dashibodi pamayaka nyali yofiira ya batire, ndipo muvi wa kutentha umayamba kukwera chifukwa madzi asiya kuyenda. Dalaivala akakakamira kuti akafike kaye, madzi amawira, gasketi n'kupsa, mwinanso mutu wa injini n'kupindika, ndipo ndalama yokonzera zimenezo ndi yogula malamba ambirimbiri. Chomwe chinandiopsa kwambiri n'chakuti pa malole ena a dizilo, ngati yathuyi, kumbuyo kwa alternator kuli kapampu komwe kamathandiza kuti buleki izipondeka mofewa. Lamba akaduka, mukaponda kangapo buleki imauma gwa. Tsono taganizirani tsiku la msika, lole itadzaza matumba, amayi athu atakhala pamwamba, ikutsetsereka kulowera pamlatho.

Lole inakhala masiku awiri osagwira ntchito podikira pampu kuchokera kutauni. Pogula lamba watsopano malume ananyamula wakaleyo, chifukwa nambala yomwe imalembedwa kumsana kwake inali itafufutika ndipo ogulitsa anachita kuyerekeza ndi ena. Anagula awiri, wina amakhala kuseri kwa mpando. Patatha masiku ochepa anamuyesanso ndi chala n'kumukungako pang'ono, poti lamba watsopano amayamba watamuka.

Pampu yakufayo anandipatsa, ili m'chikwama changa sabata yonse ino. Amene akufuna kumva m'mene bearing yotha imakhakhalira andipeze nthawi ya buleki pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2, koma abwere ndi kansanza kopukutira m'manja.