Boma ikakula, mwini munda aima pati?

Mu 2012 Sinda na Vubwi zinakhala maboma paokha. Sinda anaipatula ku Katete na Petauke, Vubwi ku Chadiza. Anthu anakondwera, ndipo n'zomveka, pakuti ulendo wopita ku maofesi unafupika. Koma boma yatsopano ifuna malo a maofesi, msika, nyumba za anchito na misewu, ndipo malowo sacokera kumwamba. Acokera m'minda imene anthu alima cimanga, nshawa na thonje.

Tiyeni tione m'mene malamulo asungira mlimi kuno kwathu, ku Malawi na ku Mozambique. Kuyerekeza kumeneku si kwacilendo. Vubwi icita malire na maiko onse awiri, ndipo mafumu a Acewa a maiko atatuwa amakumana ku Mkaika mwezi wa August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa nthaka ni umodzi, koma malamulo a boma ni atatu.

Kuno ku Zambia, lamulo la nthaka la 1995 linaika nthaka yonse m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu. Nthaka ya mafumu inavomerezedwa, koma munthu angathe kuisandutsa ya taitolo, ya zaka 99, ngati mfumu na khonsolo avomera. Apa m'pofunika kumvetsetsa. Malo akalowa pa taitolo acoka m'manja mwa mfumu, mwini wake ayamba kulipira msonkho wa malo, ndipo lamulolo silinaike njira yowabwezera ku mudzi. Linenadi kuti amene akhudzidwa afunsidwe, koma mlimi amene anapatsidwa munda na nyakwawa pakamwa cabe, kaŵirikaŵiri amamva nkhaniyi opima malo atakhoma kale zikhomo.

Ku Malawi anatenga njira ina. Lamulo lao la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi. Wapampando ni gulupu wa midziyo, ndipo ena asanu na mmodzi asankhidwa na anthu, atatu kapena kuposa akhale azimai. Banja lingalembetse munda wake na kulandira cikalata. Mafumu ena anadandaula kuti awalanda mphamvu, ndipo nchito yolembetsa siinathamange. Ngakhale n'tero, mai wamasiye kumeneko ali na khomo lodziŵika logogoda.

Ku Mozambique nthaka yonse ni ya boma, siigulitsidwa. Lamulo lao la 1997 linapatsa anthu ufulu wogwiritsa nchito malo, umene achula kuti DUAT. Cokoma cake n'cakuti linavomereza umboni wa pakamwa: anthu a m'mudzi akacitira umboni kuti munda ni wanu mwa mwambo, kapena mwakhalapo moona mtima zaka khumi, ufuluwo ni wanu ngakhale mulibe pepala. Wamalonda asanapatsidwe malo, mudzi uyenera kufunsidwa. Pa pepala ni lamulo labwino koposa onse atatu. Koma mabanja a ku Moatize m'cigawo ca Tete, amene anasamutsidwa cifukwa ca migodi ya malasha, anadandaula kwambiri za nthaka yosabala imene anapatsidwa.

Kwa ife, cida cimene ambiri sacidziŵa cili m'lamulo la 2015 lokonza mizinda na zigawo. Lamulo lakale la 1962 silinali kufika m'nthaka ya mafumu. Latsopanoli lifika, ndipo lilola khonsolo na mfumu kulemberana pangano la m'mene malo adzagwiritsidwira nchito. Lilamulanso khonsolo iliyonse kukonza pulani ya citukuko ca boma yonse na kumva maganizo a anthu. M'pulani imeneyo ndimo mulembedwa kumene tauni idzakulira. Amene muli na minda pafupi na msewu wa Great East Road, kapena wa Katete kupita ku Chanida, muli na ufulu wopita ku khonsolo kukaiona. Makomiti a citukuko a m'mawodi, amene lamulo la makhonsolo la 2019 linakhazikitsa, ndiwo poyambira kufunsa. Tsoka lake, misonkhano yao imadzala anthu pokhapo pamene nkhani ni ya ndalama za CDF.

Akulu a mipingo, inunso nkhaniyi ikukhudzani. Machalichi ambiri a m'midzi anamangidwa pa malo amene nyakwawa analoza na dzanja kalekale. Wolozayo anamwalira, mboni zikutha. Kwa mafumu ena, monga Sandwe na Mkanda, mabungwe oona za nthaka anathandiza kupima minda na kupereka zikalata za mfumu. Cikalata cotere si taitolo, koma pa mlandu wa malire cilemera kuposa mau a pakamwa. Kumene kulibe zimenezi, komiti ya chalichi kapena banja ingathe kuyenda m'malire pamodzi na nyakwawa na oyandikana nao, kulemba maina a mboni, kuika na dzina la mai wa pakhomo, ndi kupereka pepalalo kwa mfumu kuti adinde cidindo.