ALOE VERA: WOZIZIRITSA KHUNGU, KOMA OSATI LA ALIYENSE

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mphepo yozizira iomba m'boma la Mchinji, khungu la anthu ambiri limatuwa ndi kuthetheka. Kuchokera kwa Mkanda, ku Kapiri mpaka kumalire a Zambia, ena amathyola tsamba la aloe vera kuseri kwa nyumba nadzola madzi ake. Enanso amagula mafuta odzola okhala ndi chomerachi m'sitolo za pa Boma ndi ku Chipata.

Nzoona kuti chomerachi chimathandiza. M'kati mwa tsamba muli mnofu woyera wonanda, umene pafupifupi wonse ndi madzi. Mnofuwu umaziziritsa khungu louma kapena lopsa ndi dzuŵa.

Koma pansi pa khoko la tsamba lomwelo pamatuluka utomoni wachikasu woŵaŵa, wokhala ndi mankhwala otchedwa aloin. Utomoni umenewu ukakhudza khungu losachedwa kutupa umabweretsa kuyabwa, kutentha ndi zidzolo. Matupi ena amadana ngakhale ndi mnofu woyera womwe. Mafuta ogula nawonso kaŵirikaŵiri amakhala ndi zonunkhiritsa zimene zimanyerenyetsa khungu lotere. Ofunika kusamala koposa ndi makanda ndiponso anthu amene khungu lawo limayabwa kale.

Pa chifukwa ichi, munthu akadula tsamba ayenera kuliimika kuti utomoni wonse udonthe, kenaka alitsuke ndi kulisenda. Asanadzole ponseponse, apake pang'ono m'kati mwa mkono ndi kudikira masiku aŵiri. Pakafiira, pakatupa kapena kutuluka matuza, asambe ndi madzi oyera ndipo asadzolenso. Nkhope ikatupa kapena kupuma kukavuta, athamange naye kuchipatala nthaŵi yomweyo.

Aloe vera si mankhwala a chilonda chakuya. M'chaka cha 1991 madokotala a ku America anaona kuti mabala a opaleshoni a amayi ena, amene anapakidwa aloe vera, anatenga masiku 83 kuti apole, pamene osapakidwa anapola m'masiku 53. Choncho mwana akapsa ndi moto kapena phala, athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, afundidwe nsalu yoyera pabalapo, ndi kupita naye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha pa Boma.

Chimene chinachiza mnansi chikhoza kuvulaza mwana wa khomo lina. Wokayika ayambe wafunsa alangizi a zaumoyo, pakuti safunsa anadya phula.